Ndiwo za Munthu Woweruka Mochedwa

Nkhani ya lero ikuchokera kutali, ku Cape Town, mzinda wa kumapeto kwa Africa, kumene kuli abale ambiri a omvera a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Ndi nkhani ya mphika ndi chiwaya, koma mwini mphikayo ndiye wofunika. Funso lake nali: munthu amene watuluka m'nyumba kusanache, nabwerera kutada, mapazi ali olemera, adye chiyani usiku umenewo kuti mawa adzukenso ndi mphamvu?

Njira ya ku Cape Town si yachilendo kwa anthu a kuno. Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira m'boma la Nkhata Bay, wophunzira wa ku Livingstonia, anafika mumzindawo m'chaka cha 1918, ndipo mu 1919 anayambitsa bungwe la ICU pakati pa antchito a padoko. Pambuyo pake amuna ambiri anatsikira kum'mwera ndi Wenela, koma iwo anali kupita ku migodi ya ku Joni, kumene chakudya chinali kuphikidwa ndi kampani m'mapoto aakulu. Apaulendo a masiku ano ndi osiyana. Amapitirira Johannesburg ndi makilomita ena ngati 1,400, amuna ndi akazi omwe, nakagwira ntchito m'nyumba za anthu, m'minda ya maluwa, m'malo odyera ndi pothira petulo. Ambiri amakhala ku Masiphumelele, ku Imizamo Yethu, ku Dunoon, ku Capricorn ndi ku Philippi, m'kachipinda kamodzi ka lendi, ndipo palibe wowaphikira. Aliyense ndiye kuku wa iye mwini.

Tsono taonani tsiku la munthu wotere. Amadzuka 5 koloko, nakwera takisi, sitima kapena basi ya Golden Arrow kapena ya MyCiTi. Amagwira ntchito tsiku lonse, ndipo kawirikawiri amatsuka mbale za ena kapena kuphikira ana a ena. M'miyezi ya June ndi July, imene ili nyengo ya mvula ndi chisanu kumeneko, dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko, kotero kuti pofika pakhomo kunja kuli bii. Pamenepo chapafupi ndi buledi ndi tiyi, kapena tchipisi cha pamsewu ndi botolo la chakumwa chotsekemera. Usiku umodzi palibe choipa. Koma ikakhala miyezi, thupi limayamba kudandaula, pakuti zakudya zimenezi zili ndi mchere, shuga ndi mafuta ambiri, koma zilibe masamba. Matenda a kuthamanga kwa magazi ndi a shuga amakonda njira yomweyi. Nayo ndalama imene inayenera kupita kumudzi, ya fizi ya mwana kapena ya feteleza, imathera pa zogula zophikaphika. Mu March 2025 malipiro otsikitsitsa a lamulo ku South Africa anaikidwa pa R28.79 pa ola limodzi, ndipo munthu wolandira chotero ayenera kudziwa kuti mbale iliyonse yogula waigwirira maola angati.

Wina angafunse kuti, bwanji osaphika monga kwawo? Yankho lake ndi nthawi ndi moto. Maphikidwe a kumudzi anabadwira pa mafuwa, pamene chikuni chimanyeka tsiku lonse ndipo mphika wa nyemba umadziwirira wokha mayi ali pamtondo. Nkhuku ya kumudzi ndi ya ulemu: imaphedwa pakabwera mlendo kapena pa Khirisimasi, ndipo popeza yakula ikuthamanga ndi kupalasa, nyama yake ndi yolimba, yofuna ola lathunthu kapena kuposa. Ku Cape Town moto uliwonse ndi wogula. Magetsi amalipiridwa asanagwire ntchito, gasi ndi palafini nazonso ndi za ndalama, ndipo m'chaka cha 2023 magetsi anali kuzimitsidwa pafupifupi tsiku lililonse, mwina pa ola lomwe lija la kuphika. Komanso nkhuku ya m'masitolo a kumeneko ndi ya mtundu wina. Imaphedwa ili ndi masabata 5 kapena 6 okha, nyama yake ndi yofewa, ndipo ikawiritsidwa nthawi yaitali monga ya kumudzi imangosasuka ndi kutha kukoma. Nkhuku yotere imafuna maphikidwe ake.

Maphikidwe amenewo alipo, ndipo eni ake ndi anthu a ku China. Iwo amadula nyama ndi masamba m'tizidutswa tating'ono, nazikazinga pa moto waukali m'chiwaya chakuya chotchedwa wok, akutembenuza kosaleka, ndipo m'mphindi zowerengeka ndiwo zapsa. M'Chingerezi njirayi imatchedwa stir-fry, dzina limene linafala ndi buku la zophikaphika la mayi Buwei Yang Chao la m'chaka cha 1945. Omvera asaope dzinalo. Chiwaya amachidziwa kale, pakuti ndicho chokazingira tchipisi ndi nyama pa msika uliwonse, ndipo masamba ena amene amagula tsiku ndi tsiku amawatcha okha kuti tchainizi.

Masamba sasowa ku Cape Town. Mzindawo unayamba ngati dimba: mu 1652 Jan van Riebeeck anatumidwa ndi kampani ya Adatchi kuti akalime ndiwo zamasamba zodyetsa amalinyero, amene anali kudwala ndi kufa pa nyanja chifukwa chosowa zakudya zaziwisi. Malo a dimbalo alipobe pakati pa mzinda, ndipo amatchedwa Company's Garden. Lero kabichi, karoti, sipinachi ndi anyezi wambiri amalimidwa m'minda ya mchenga ya ku Philippi, ndipo zina zimadzera ku msika waukulu wa ku Epping kufikira kwa amayi ogulitsa pa siteshoni ndi pokwerera takisi. Woweruka angathe kugula ndiwo za tsikulo potsika, osakhota njira.

Munthu asanagwire mpeni ayenera kumvetsa chinsinsi cha maphikidwewa, pakuti akachimvetsa sadzafunanso buku. Madzi akawira kutentha kwake kumalekera pa madigiri 100, ngakhale moto ukule chotani. Mafuta amapitirira pamenepo, ndipo kufiira kwa nyama, kumene kumabweretsa fungo lokoma lija, kumayamba pa madigiri ngati 140. Chifukwa chake mdani wa chiwaya ndi madzi. Nyama ikalowa ili yonyowa, kapena ikathiridwa yambiri nthawi imodzi, chiwaya chimazizira, nyama imatulutsa madzi ake, ndipo mmalo mokazingika imayamba kuwira, niituwa. Malamulo ake ndi atatu: tizidutswa tikhale tating'ono ndi tofanana, chiwaya chikhale chotentha kwambiri, ndipo chisadzazidwe.

Zofunika pa ndiwo za anthu anayi ndi izi. Nyama ya nkhuku yopanda mafupa yokwana theka la kilogalamu; ya pachifuwa imapsa msanga, koma ya ntchafu ndiyo yokoma ndi yosauma. Anyezi mmodzi wamkulu, makaroti awiri, tsabola wobiriwira mmodzi, zitheba zodzaza dzanja, ndi kabichi wokwana gawo limodzi la magawo anayi. Kabichi akasowa, sipinachi, repu, mpiru kapena tchainizi zilowe m'malo mwake. Tiziphande tiwiri ta adyo, kachidutswa ka jinja ngati chala chachikulu, ndi kambuzi kwa okonda kuwawa. Mafuta ophikira masupuni aakulu atatu. Akhale a mpendadzuwa, pakuti majarini ndi batala zimapserera pa moto waukali. Potsiriza msuzi wakuda wa soya masupuni awiri, ndimu mmodzi, ndi supuni imodzi ya ufa wosalala wa Maizena kapena wa chinangwa.

Pa nkhuku pali chenjezo. Yotsika mtengo ndi ija ya m'matumba, youma ndi chisanu, koma yambiri mwa iyo imabayidwa madzi a mchere ku fakitale. Mu 2016 boma la South Africa linaika malire akuti madziwo asapitirire magawo 15 pa 100 m'nthuli zoduladula, ndipo kuchuluka kwake kumalembedwa pa thumba. Wogula awerenge, pakuti akulipira madziwo pa mtengo wa nyama. Nkhuku yotere isungunuke kotheratu isanadulidwe, ikhetsedwe, ndipo ipukutidwe ndi pepala loyera kufikira itauma. Kusungunula kwabwino ndi kwa m'furiji, kuyambira m'mawa kapena usiku wathawo. Wofulumira aiike m'thumba lomanga bwino ndi kulimiza m'madzi ozizira. Kuisiya padzuwa kapena pawindo tsiku lonse ndiko kuitana matenda. Amene alibe furiji agule nyama yokwana tsiku lomwelo.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo pa maphikidwe awa mawuwo ndi oona ndithu. Chiwaya chikatentha palibenso mpata wosenda anyezi. Zonse zidulidwe moto usanayatsidwe, ndipo masamba ayambe, nyama itsirize, kuti mpeni ndi thabwa zisanyamule tizilombo ta nyama yaiwisi kupita ku masamba. Karoti adulidwe mopyapyala ngati timitengo ta machesi, zitheba zidulidwe pawiri kapena patatu, kabichi awazidwe mokulirapo kuposa wa masiku onse, ndipo adyo ndi jinja zisinjidwe. Nyama idulidwe mopingasa mitsempha yake, m'tinthuli totalika ngati chala koma topyapyala. Tinthulito tiikidwe m'mbale pamodzi ndi supuni imodzi ya msuzi wa soya ndi theka la ufa uja, ndipo tisakanizidwe bwino. Ufawo umakuta nyama kuti isaume pa moto.

Apa pali kusintha kumodzi kumene amayi ena adzakuone kwachilendo. Kwawo ndiwo zimayamba, nsima imatsiriza. Pano nsima kapena mpunga ndizo ziyambe, pakuti zimatenga mphindi 20 kapena kuposerapo, pamene ndiwozi zimatenga ngati 15 zokha, ndipo zimakoma zikadyedwa zitangochoka pa moto. Amene ali ndi sitovu ya diso limodzi atereke mpunga poyamba, adule ndiwo mpungawo uli kuwira, ndipo madzi akatsala pang'ono kuphwa auphule ndi kukulunga poto m'bulangeti. Udzapsa wokha ndi kutentha kwake, moto uli pa ntchito ina. Nsima nayo iomoledwe ndi kuvundikiridwa.

Tsopano kukazinga. Chiwaya, kapena poto wotakata wa pansi pochindikala, aikidwe pa moto waukulu ali wouma, kufikira dontho la madzi likagwamo lithetheka nthawi yomweyo. Athiremo supuni imodzi ya mafuta, kenaka theka la nyama, ayale tinthuli kuti kalikonse kakhudze chitsulo. Asatakase msanga, adikire mphindi imodzi kuti pansi pafiire, ndipo atembenuze ndi mthiko kwa mphindi zina ziwiri kapena zitatu. Nyamayo ichotsedwe, iikidwe m'mbale yoyera, osati ija munali yaiwisi. Theka lotsalalo lichitidwe chimodzimodzi.

Mafuta otsiriza alowe, ndipo masamba atsatane monga mwa kulimba kwao. Karoti ndi zitheba ndizo zoyamba, mphindi ziwiri. Anyezi ndi tsabola wobiriwira atsatire, mphindi imodzi. Kenaka adyo, jinja ndi kambuzi, zimene zimapserera msanga ndi kuwawa zikatsogola. Kabichi kapena masamba ena ofewa ndiwo otsiriza, mphindi ziwiri. Dzanja lisapume. Ngati zayamba kumata pansi, masupuni awiri a madzi akwanira. Nthunzi yake idzafewetsa karoti. Pamenepo nyama ibwerere m'chiwaya. Ufa wotsala usungunulidwe m'theka la kapu ya madzi ozizira pamodzi ndi msuzi wa soya wotsala, zithiridwe, ndipo zibwate mphindi imodzi kapena ziwiri kufikira msuzi utagwirana ndi kuwala. Ndimu afinyiridwe chiwaya chitaphulidwa. Masamba akhale akadali obiriwira, okhwasuka pang'ono polawa.

Wina adzati, ndiwo zouma chotere nsima itsika bwanji? Dandaulo limeneli ndi lomveka, pakuti Atchaina anapangira ndiwozi mpunga, ndipo mbamu ya nsima imafuna posunsa. Mankhwala ake ndi apafupi. Matimati awiri akupsa, oduladula, alowe pamodzi ndi kabichi, ndipo madzi a msuzi akhale kapu yathunthu. Amene wasowa kwawo asungunule supuni ya chiponde kapena nsinjiro m'madzi omwewo, ndipo adzapeza kuti ndiwo za ku China zasanduka zotendera. Msuzi wa soya ukasowa, mchere pang'ono ndi ndimu zikwanira. Nkhuku ikasowa, mazira awiri kapena atatu, ziwindi, nthutumba zodula mopyapyala, ngakhale nyama ya soya yonyika m'madzi otentha, zonsezi zimalola njira yomweyi.

Phindu la maphikidwewa silili pa nthawi pokha. Mavitamini ena a m'masamba, makamaka vitamini C, amasungunuka m'madzi ndipo amaonongeka ndi kuphika kwa nthawi yaitali. Soda ndi chidulo zimawaononga koposa. Masamba okazinga mphindi zochepa, msuzi wake osatayidwa, amasunga zambiri. Ndiponso vitamini A wochokera m'karoti ndi m'masamba obiriwira amalowa bwino m'thupi akadyedwa ndi mafuta pang'ono. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu adye zipatso ndi masamba zosachepera magalamu 400 pa tsiku, ndi kuti mchere usafike magalamu 5, ndiyo supuni yaing'ono imodzi. Pamenepa wophika asamale, pakuti supuni yaikulu imodzi ya msuzi wa soya ili ndi mchere wokwana pafupifupi theka la muyeso umenewo. Msuziwo ukalowa, mchere wina ndi timabulu ta supu zikhale pa shelefu.

Kufulumira kuli ndi ngozi zake ziwiri, ndipo yoyamba ndi nyama yosapsa. Nkhuku yaiwisi imanyamula tizilombo totchedwa Salmonella ndi Campylobacter, timene timatsegula m'mimba ndi kutentha thupi, ndipo munthu wa ganyu akagona masiku atatu palibe womulipira. Tizilomboti timafa nyama ikatentha mpaka mkati kufika madigiri 70 ndi kupitirira. Wopanda choyezera adule kanthuli kakakulu koposa: mkati mukhale moyera, mopanda kufiira ngakhale pang'ono. Ndicho chifukwa chake nthuli za mafupa siziyenera njira iyi pokhapokha nyama itasengedwa. Mafupawo asungidwe, adzawiritsidwe msuzi pa Sabata. Ambiri anazolowera kutsuka nkhuku pampopi, koma a zaumoyo amaletsa, pakuti madzi othovokawo amamwaza tizilombo pa mbale ndi pa masamba, ndipo chimene chimatipha ndi moto, osati madzi. Manja, mpeni ndi thabwa zitsukidwe ndi sopo nyama ikangotha kudulidwa. Mkute wonyamula ku ntchito, makamaka wa mpunga, ulowe m'furiji maola awiri asanathe, ndipo potenthetsa utenthe mpaka nthunzi ituluke.

Ngozi yachiwiri ndi moto umene. Nyumba za malata ndi matabwa za m'malo aja zimagundana denga ndi denga, ndipo m'chilimwe mphepo yamphamvu ya kum'mwera chakum'mawa imaomba masiku ambiri. Mu March 2017 moto unapsereza nyumba zoposa 2,000 ku Imizamo Yethu, ndipo mu December 2020 unapsereza zina zoposa 1,000 ku Masiphumelele. Anthu anataya zovala, ziphaso ndi ndalama zimene anasunga zaka. Chakudza sichiyimba ng'oma. Sitovu ikhale pa malo olimba ndi osapendekeka, kutali ndi katani ndi bedi, ndipo chogwirira cha chiwaya chiloze ku khoma, kumene mwana sangachikoke. Wokazinga asachoke pa moto ngakhale foni ilire. Mafuta akayaka, madzi asathiridwe konse, pakuti amaulutsa mafuta oyakawo mpaka kudenga. Azimitse sitovu ndi kuvundikira chiwaya ndi chivundikiro chachitsulo, nachisiye chizizire. Sitovu ya palafini isathiridwe mafuta ili chiyakire, ndipo palafini asasungidwe m'botolo la chakumwa, limene mwana angaliyese la madzi. Ubwino wake ndi wakuti moto wa mphindi zochepa, mwini wake ataima pomwepo, ndi wosaopsa kusiyana ndi mphika wa maola awiri umene wotopa amausiya nagona.

Mawu awa apite kwa abambo ndi anyamata. Ena amati kudula kabichi ndi ntchito ya akazi, ndipo amakhala miyezi akudya buledi, akudikira mlongo kapena mlamu wawo adzawaphikire pa Sabata, chonsecho mlongoyo nayenso waima tsiku lonse pa ntchito. Amuna a kuno akhala akuphika m'mahotela ndi m'nyumba za anthu kum'mwera kwa zaka zambirimbiri, ndipo anatchuka nako. Dzanja limene limaphikira bwana silingachite manyazi kuphikira mwini wake. Anthu atatu kapena anayi okhala pabwalo limodzi angathe kusonkha, wina nkhuku, wina masamba, wina ufa, ndipo wina akuvundula nsima mnzake akudula ndiwo. Pa theka la ola onse asamba m'manja.

Nawo omvera a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Chipata, ku Lusaka ndi ku Harare asayese kuti nkhaniyi ndi ya apaulendo okha. Mphunzitsi, namwino ndi mayi wa pamsika amafikanso pakhomo kutada, ndipo thumba la makala silitsika mtengo. Mbaula ya makala oyaka bwino imapereka moto waukali umene chiwaya chimafuna, ndipo nkhwani, bonongwe, chisoso ndi kholowa zimakazingika msanga kuposa kabichi. Nkhuku ya kumudzi isungidwe ndithu, ikhale ya mlendo ndi ya mphika wa pang'onopang'ono monga kale. Koma pa Lolemba mpaka Lachisanu, theka la kilogalamu ya nyama, masamba odzaza mbale ndi chiwaya chotentha zikwanira kudyetsa anthu anayi. Ndipo amene ali ndi mwana kapena mbale ku Cape Town, pomuimbira foni sabata ino asangofunsa za ndalama, amufunsenso kuti, “Kodi dzulo usiku munadyera chiyani?”